Njoka Yanga ya ku Italy

Malume atamwalira, abale anagawana chuma mwachilungamo. Wina anatenga ng'ombe ziwiri, wina dimba, wina njinga yamoto. Ine, poti ndinafika mwambo wa kumanda utatha, anandilozera chimene chinatsala pansi pa mtengo wa mango, momwe nkhuku zinkaikiramo mazira. Inali Alfa Romeo 2000 GTV ya zitseko ziwiri, imene malumewo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Kalelo galimoto za Alfa Romeo ankazilumikiza ku South Africa konko, mpaka kampaniyo inachokako mu 1985.

Ndikanaisiyira nkhukuzo, bwenzi pano ndili pamtendere. Koma mwana wa mlongo wanga, amene foni sichoka m'manja, anaizungulira kawiri n'kugwira pakamwa.

"Malume, mwakhalira golide inu!"

Anandionetsa zithunzi. Akuti mu 1965 a ku Italy anatenga galimoto ya maonekedwe omwewa n'kuipanga yampikisano, dzina lake GTA. Chilembo cha A chikuimira mawu a chinenero chawo otanthauza kuti yopepukitsidwa. M'malo mwa chitsulo anaikuta ndi aluminiyamu, yemweyu wa mapoto athuyu, moti inkalemera makilogalamu pafupifupi 745 basi. Ndinawerengera pa zala: matumba 15 a chimanga. Masiku ano, anapitiriza mnyamatayo, azungu amatenga zakale ngati yangayi, kuchotsa mabampala, kuitsitsa pansi, kulemba nambala pachitseko, mtengo wake n'kukwera moti mungagule nawo Mitundu yense ndi msika womwe.

Usiku umenewo sindinagone. M'mawa ndinagulitsa soya.

Makaniko anaidzutsa injini patatha milungu itatu. Wowotcherera anachotsa mabampala, anadula masipuling'i, kenako tinazula mpando wakumbuyo. Mayi a kunyumba anaima pakhonde, chipande m'manja.

"Abambo, anzanu a Sienta akuwonjezera mabenchi kuti akweze anthu khumi ndi mbuzi yomwe. Inu mukuzula mipando?"

Ndinawafotokozera kuti galimoto yampikisano imafunika kupepuka. Anandiyankha kuti thumba langanso lapepuka, ndiye ndikalowe nalo mpikisano. Mpandowo anautenga, pano amakhalapo akamatongola chimanga.

Kenako penti. Galimoto za mpikisano za Alfa Romeo zimakhala ndi katsamba kobiriwira ka mbali zinayi, kamwayi. Mwambowu unayamba mu 1923 pamene Ugo Sivocci anakajambula pa galimoto yake n'kupambana mpikisano wa Targa Florio ku Sicily. Ndinaitana mkulu wolemba zikwangwani za magolosale, ndinamuonetsa chithunzi. Anangoyang'ana kamodzi, nati, "Aaa, ichi n'chosavuta, akulu." Anajambuladi mwaluso, koma linali tsamba la mtedza, ndi timizere take tomwe. Sindimuimba mlandu, la mtedza nalonso limakhala ndi timasamba tinayi, ndipo munthuyo anabadwira m'munda. Pachitseko ndinamuuza alembe 50 m'kati mwa bwalo loyera. Tsiku la msika ndinangoimika galimoto pang'ono, amayi atatu anali atatula kale malichero pa boneti, kufunsa kuti thumba la 50 ndikugula zingati.

Zonsezi zinali zochepa. Mlandu weniweni unali pamphuno pa galimoto, pamene pali chizindikiro cha kampani. Malume ali moyo chinali chokutidwa ndi fumbi ndi zitosi. Ine ndi nzeru zanga ndinachikwecha ndi phulusa mpaka kuwala. Mbali imodzi pali mtanda wofiira. Mbali inayo pali chinjoka chovala chisoti chachifumu, munthu ali m'kamwa mwake, manja ali m'mwamba.

Sipanathe masiku awiri amfumu anandiitanitsa.

"Mtandawu tauona, tathokoza. Koma njokayi ikumeza ndani?"

Ndinagwada bwinobwino n'kulongosola kuti mtandawo ndi wa mzinda wa Milan, komwe kampaniyo inayambira mu 1910, ndipo njokayo ndi chizindikiro cha banja la Visconti limene linkalamulira mzindawo kalekale. Nduna ina inafunsa kuti a Visconti-wo ndi a mudzi uti, ndipo ndinadziwana nawo bwanji. Ina inakumbutsa bwalo kuti pamaliro a malume ndinafika mochedwa. Kuyambira tsikulo palibe amabwera kudzapempha mchere kwathu. Kukhwima kwake kotani, munthu wokongola ndiwo pa okala?

Kuti ndichotse manyazi, ndinalengeza kuti Loweruka ndithamanga kuchoka pa Mitundu kukafika pa Nathenje, njira yafumbi. Ndinabwereka chipewa cha wa kabaza wa njinga yamoto. Ekizozi tinali titaidula, ndiye nditaliza injini agalu a midzi itatu anayankha. Ana anandithamangira m'mbuyo, ndipo kunena zoona ena anandipitirira.

Phiri la Bunda likuonekabe bwinobwino, ndinafika pamene matayala a ngolo anakumba ngalande ziwiri n'kusiya mzere pakati. Galimoto yotsitsidwa ija inakhala pamzerepo ndi mimba, ngati nkhuku yofungatira. Matayala akumbuyo ankangozungulira m'malere. Kenako pansi panayamba kudontha oyilo wakuda, ndipo injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete.

Anandidutsa a kabaza. Anandidutsa agogo ena atasenza nkhuni, anandipatsa moni mwaulemu n'kulambalala patali ndi njoka ija. Dzuwa litapendeka kunabwera mnyamata wa ngolo ya ng'ombe ziwiri. Pamene ankamanga chingwe, ine pofuna kusunga ulemu ndinamuuza kuti asade nkhawa, iyi ndi galimoto yampikisano, za mtundu wake zimalemera ngati matumba 15 okha.

Tinalowa pa Nathenje anthu akuyatsa nyale, ine ndili pachiwongolero, chipewa chili kumutu, ng'ombe zili patsogolo. Okazinga tchipisi m'mbali mwa M1 anaimba m'manja. Mnyamata uja anamasula chingwe, anapukuta thukuta, n'kutambasula dzanja.

"Ndi yopepukadi, bwana. Koma ife timawerengera pa thumba. Mwanena nokha kuti ndi 15."