Take Off ya ku Chongwe

Amalume a ku Kanakantapa anali kupita ku Johannesburg kukaona mwana wawo. Pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, lomwe lili m'boma lathu lino la Chongwe ngakhale a ku Lusaka amalitenga ngati lawo, mlonda anati: "Take off your shoes." Mdzukulu wawo amene anali nawo limodzi anawanong'oneza kuti avule nsapato. Anavula. "Take off your belt." Anavulanso. Atakhala m'ndege, mawu anamveka kuti tsopano ndi nthawi ya take off. Amalume anaimirira, misozi ili lengelenge: "Mwana wanga, ndisiyireniko kabudula yekha, muno muli azimayi."

Mtsikana wophunzira pa yunivesite ya Chalimbana anapeza amayi ake atagulitsa matimati onse m'mbali mwa Great East Road. "Amayi, bizinesi yanu yachita take off!" Mayiwo anaponya nsima pansi: "Yalowera kuti? Iwe waima chabe osaigwira?"

Bwana wa pa famu ya nkhuku anauza wantchito wake: "Banda, take Friday off." Lachisanu m'mamawa Banda anafika pantchito monga mwa masiku onse, kapepala kali m'manja. "Bwana, ndalichotsa pa kalendala monga munanenera. Lolemba nalo silindisangalatsa, ndiling'ambe?"

M'kalasi aphunzitsi anati aliyense apange chiganizo chokhala ndi take off. Kamnyamata ka kumbuyo kanakweza dzanja: "Mu Okutobala, Chongwe River take off." Aphunzitsi anatola choko kuti akonze, kenako anayang'ana chigubu chawo chopanda madzi pakona. Anampatsa 10 pa 10.

Tsiku la Chakwela Makumbi, pomwe anthu a Chisoli ankapempha mvula, mkulu wina wa suti wochokera ku Lusaka ankanenerera mbuzi. Anagwedeza K50 m'mwamba: "Madala, take off fifty, tigwirizane." Madala anaitsomphola, naipinda, naiika m'thumba. "Zikomo bwana. Tsopano tikambe za mtengo wa mbuzi."

Kondakitala wa minibasi anakuwa kuti okwera afulumire, galimoto ichita take off pompano. Ambuya a pampando wakutsogolo anayang'ana matayala osalala, nayang'ana chitseko chomangidwa ndi waya. "Mdzukulu wanga, iyambe yalira kaye."

Amene mwandifunsa za put off, pepani. Tidzakamba sabata yamawa.