Kasankhidwe ka Jombo za Chisanu ku Ulongwe

Mvula yoyamba ikangogunda mu Novembala, mabelo a kaunjika pamsika wa Ulongwe amayamba kusanza jombo zazitali zaubweya m'kati, zimene anasokera anthu a ku Toronto ndi ku Stockholm. Bambo amene thukuta lili kamukamu ngakhale ali pansi pa mlambe amaziyesa, amapondaponda, n'kunena kuti zawakhala. Popeza anthu atsimikiza mtima kutchena paukwati, kutchalitchi ndi kuofesi dzinja lino, tiyeni tiwathandize kutaya ndalama mwadongosolo.

Choyamba, sankhani yaubweya wambiri. Ulongwe uli m'chigwa cha Shire, kufupi ndi nyanja ya Malombe, kumene ngakhale kamphepo ka mu Juni kamangofuna juzi yopyapyala, choncho phazi lanu likufunika bulangete. Musamvere zoti ubweyawo anauikira dziko limene madzi amaundana pamsewu mpaka boma kumathirapo mchere. Musamverenso zoti phazi likakhala m'chinyontho chofunda tsiku lonse, khungu la m'mipata ya zala limayera, kuyabwa ndi kung'ambika. Onetsetsaninso kuti zingwe zake n'zazitali, zamabowo ambirimbiri, makamaka ngati mumapemphera kumzikiti monga anthu ambiri a kwa Kalembo. Lachisanu anzanu akamatuluka, inu mudzakhala mukumalizitsa kumasula phazi lachiwiri, ndipo amene adzayandikire jombozo pakhomo adzadziwa kuti mwafika.

Chachiwiri, ndipo apa ndiye pagona nkhani, yang'anani kuwala kwa pamwamba basi, kunsi musatembenuze. Wogulitsa wapaka kale polishi ya Kiwi, inu mukufunanso chiyani? Soli ya nsapato zambiri za masiku ano ndi yongomata ndi guluu, ndipo ina ndi yapulasitiki yofewa yotchedwa polyurethane, imene imafumbutuka yokha ikakhalitsa pamalo otentha ndi achinyezi, ngakhale isanavalidwepo. Nsapato ya kaunjika yakhala kale zaka m'kabati ya mwini wake, kenako miyezi m'belo. Ndiye muitengere m'matope amakande, aja amagwira phazi osafuna kulibweza. Pamwamba pa jombo padzafika kuukwati, soli idzatsala panjira ikudikira wakabaza. Zimanyansa ndithu kuona munthu akupereka ndalama ya thumba la chimanga pa chinthu chimene akanachizindikira pongochipinda ndi manja n'kuona ngati chikuchita ming'alu. Soli yabwino ndi yarabala, yamizere yakuya, yosokedwa ndi ulusi wooneka m'mphepete, ndipo wosoka nsapato wa pakhonde la sitolo angathe kuisokanso ikatha.

Ena anena kuti zakunja n'zolimba, Azungu sapanga zinthu zachibwana. Zoona, m'belo mumapezeka jombo yachikopa chenicheni imene ingakwirire mwini wake isanathe. Koma kulimba kwake kunali kolimbana ndi chisanu, osati ndi madzi odutsa m'kakolo. Mawu aja olembedwa palilime la nsapato akuti madzi salowa amanena za m'mbali, sanena za kukamwa kwa jombo, ndipo madzi akalowera pamwamba, nsalu yomwe ija yowatchinga ndi imene imawakaniza kutuluka. Amene anaona mvula ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi ya Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti madzi a kuno safunsa kuti nsapato inachokera dziko liti.

Enanso anena kuti gambutsi ndi za kumunda wa thonje, munthu wa tayi sangazivale. Mukunena zoona, bwana, ulemu wanu ndi waukulu. Yendani ndi nsapato ya ukwatiyo kuchokera kumudzi mpaka pa tala wa M3, mufike matope ali m'mawondo, anthu akuoneni kuti sindinu mlimi. Amayi aja amene amavala sofiya kapena patapata, nsapato yabwino ili m'jumbo, n'kudzasinthira pamjigo wa pafupi ndi tchalitchi, asakupusitseni ndi kuyera kwa mapazi awo. Kungochokera pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nsapato yakhala katundu woti munthu azimusamala, koma zimenezo n'za anthu osauka, inu sizikukukhudzani.

Jombo ikanyowa, iumitseni msanga pambali pa mbaula kapena padenga la malata masana. Chikopa chidzauma gwaa n'kusweka, guluu adzasungunuka, ndipo mudzapeza chifukwa chokagulira ina. Zoti muchotse matope ndi kansalu konyowa, muikemo nyuzipepala zakale, muiumitse pamthunzi podutsa mphepo n'kupaka polishi ikauma, ndi ntchito yochedwetsa. Mukangoiponya kunsi kwa bedi isanaume, nkhungu idzaipatsa ubweya wina wobiriwira kunja, kuti ufanane ndi wam'kati.

Za mtundu, tengani uliwonse, pofika Febuluwale yonse imakhala yofanana. Za saizi musavutike nazo: yesani phazi limodzi lokha, m'mamawa lisanatupe, ndipo inzakeyo mukaione kunyumba ngati ndi yakumanzere.