Wamva m'mimba atsekula chitseko, nanga wamva dzanzi?

Amene anapeka mwambi wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko ayenera kuti anali atadya nyemba zogona. Ankadziwa zimene akunena. M'mimba mukayamba kubwadamuka pakati pa usiku, munthu safunsa ngati kunja kuli afisi. Ngakhale bambo uja amene amaitana mwana kuchokera kwa aneba kuti adzamupatsire rimoti ili pambali pake, usiku umenewo amadzuka yekha, mpiringidzo n'kuuponya uko. M'mimba simunyengerera munthu.

Koma makolo aja anaiwala dzanzi. Wamva dzanzi satsekula chitseko chilichonse. Amangokutumula dzanja, kupondaponda pansi, n'kunena kuti lisiya lokha. Choipa chake n'chakuti nthawi zambiri limasiyadi, ndiye timazolowera kulikhululukira.

Lambiri la masiku ano timachita kuliputa tokha. Kwerani minibasi pa Limbe kupita ku Mulanje, anthu anayi pampando wa atatu, thumba la chimanga la mnzanu lili pantchafu panu. Pofika pa Thyolo mudzapeza kuti mwendo wakumanzere unatsika kale pa Bvumbwe osatsanzika. Lina timalitenga kuchimbudzi. Kale kumeneko munthu sankachedwako, ntchentche zinkamukumbutsa kuti kunja kuli ntchito. Lero kuli chimbudzi chokhalira, kulinso foni, ndipo munthu amalowa ndi TikTok n'kutuluka akugwirira khoma. Mukaika foni pakhutu kwa ola lathunthu chigongono chili chopinda, mnyewa wodutsa kuseri kwa chigongonoko umafinyika, chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho n'kugona. Oluka tsitsi, atelala, otayipa ndi amayi oyembekezera mnyewa wawo umafinyikira pamfundo ya dzanja, ndipo chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati ndi zimene zimawadzutsa usiku.

Pali dzanzi lina limene silitsika nanu minibasi. Limayambira ku zala zakumapazi, mapazi onse awiri, chifukwa minyewa yopita kumeneko ndiyo yaitali kwambiri m'thupi, pafupifupi mita yathunthu, ndipo ikamafooka imayambira kunsonga. Limakwera mwakachetechete kwa miyezi kapena zaka, ndipo likayandikira m'mawondo zala zakumanja nazo zimayamba. Wina amati mapazi akuotcha mpaka amawatulutsa m'bulangete mwezi wa June. Wina amati nyerere zikumuyenda. Wina amafika kumsika ndi patapata mmodzi, winayo anavuka panjira iye osadziwa.

Apa mwambi uja umatembenuka. Mwini dzanzi ali phee, amene akutsekula zitseko ndi anthu oti sakumva kanthu. Azakhali amayang'ana phazilo kamodzi kokha. "Mwana wanga, waponda. Kuntchito kwakoko akukuchitira nsanje." Lumo lili kale pamsonga ya chitenje, angotsala kutema mphini. Mnzanu wa kuofesi naye ali ndi yake: "Achimwene, imeneyo ndi BP, muzitafuna adyo." Pagulu la WhatsApp la banja pamagwa uthenga wa mawu wa mphindi zisanu ndi ziwiri wonena za mandimu ndi madzi otentha. Padepoti pali mkulu wa chimkuzamawu ndi botolo limodzi lochiza dzanzi, nyamakazi, shuga, msana ndi kufooka kwa m'banja, kungotsala ngongole ya banki mkhonde. Onsewa amagwirizana pa chiganizo chimodzi chakuti magazi sakuyenda bwino. Magazi osalakwawo! Nthawi zambiri amakhala akuyenda ndithu, odwala ndi minyewa.

Chitseko chimene palibe akuchitchula n'cha kuchipatala, komwe amayamba ndi kukubayani pachala. Matenda a shuga ndiwo amatsogola pa nkhaniyi. Pafupifupi theka la odwala shuga amadzavutika ndi minyewa m'kupita kwa zaka, ndipo ena amadziwira ku mapazi kuti ali nawo. Kenako pali kuchepa kwa vitamini B12, amene amapezeka m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Nsima ya chisoso, ngakhale ikome bwanji, ilibe. Usipa umene ena amaunyoza akalandira malipiro uli naye. Amene amwa metformin wa shuga kwa zaka zambiri B12 wawo amathanso kutsika. Mowa ndiye sitichita kunena, kachasu amawononga minyewa payekha, kuphatikiza apo amaiwalitsa munthu kudya.

Mankhwala enieni nawo amatero. Isoniazid wa TB amatha kuyambitsa dzanzi, n'chifukwa chake amaperekera limodzi kapiritsi ka pyridoxine, kamene anthu ena amakasiya m'kabati poti ndi vitamini chabe. Amene anayamba ma ARV m'zaka zoyambirira, aulere atafika m'Malawi mu 2004, akukumbukira mmene Triomune, wokhala ndi stavudine, ankaotchera mapazi. Mankhwala amenewo anasinthidwa kalekale, ndipo anawasintha ndi achipatala, osati wodwala payekha pamkeka. Palinso chithokomiro, impso, ngakhale khate limene timaliyesa nkhani ya m'Baibulo. Likadalipo, limayamba ndi chibanga chotuwa chosamva kukhudza, ndipo limachizika ndi mankhwala aulere a miyezi 6 kapena 12.

Poyeza mapazi achipatala amagwiritsa ntchito kaulusi ka nayiloni. Amakuuzani kuti mutsinzine, akakukhudzani muvomere. Apa ulemu wathu ndi woopsa. Agogo amayankha kuti "eya, adokotala" kaulusiko kakadali m'malere, poopa kukhumudwitsa mwana wa eni amene wavutika kuphunzira. Mukapanda kumva, nenani kuti simunamve.

Pali dzanzi limene silifuna kudikira Lolemba. Likabwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, kamwa n'kupotoka, mawu n'kumakokeka, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko. Likamakwera miyendo m'masiku ochepa miyendoyo n'kumalefuka, nalonso n'lothamangira. Pamenepo aliyense amene ali pafupi afune galimoto, ngakhale ya matola.

Koma zimachitikanso, ndipo si kwa anthu ochepa, kuti ayeza zonse osapeza kanthu. Shuga ali bwino, magazi ali bwino, mapazi akuotchabe. Azakhali amamwetulira tsiku limenelo. Ine ndimati kusapezeka kwa chifukwa sikutanthauza kuti nsanje ya kuofesi yatsimikizika. Kuotchako achipatala amatha kukuchepetsa ndi mankhwala monga amitriptyline wochepa womwa pogona, poti Panado sathandiza kwenikweni pa ululu wa minyewa. Kuyenda pang'ono tsiku ndi tsiku ndi kusiyana ndi botolo la mowa kumathandiza. Chimene mankhwalawo sabweza ndi kumva kumene kunapita, ndiye ntchito ya phazi imagwera maso.

Dokotala wina wa ku Britain, Paul Brand, amene ankathandiza odwala khate ku Vellore m'dziko la India, anadabwa kuona zala za odwala ake zikufupika usiku. Anthu ankati khate limadya zala. Anadzapeza kuti ena mwa iwo makoswe ankawateketa ali mtulo, eni ake osamva kalikonse. Mankhwala amene anawalembera anali mphaka, ndipo wotuluka m'chipatala ankapita naye kwawo. Kwathu kuno khoswe wamkulu ndi mbaula. Munthu amaotha mu July, phazi lili pafupi ndi makala, n'kumafunsa kuti ndani akuotcha nyama. Pali madzi osamba amene amayesedwa ndi phazi m'malo mwa chigongono. Pali kamwala kolowa m'nsapato m'mawa n'kugonamo mpaka madzulo, kakukumba bala limene kwa wodwala shuga lingathe kumudulitsa mwendo.

Choncho nsapato muzikutumula musanavale, musamayende chosavala ngakhale pabwalo panu pomwe, ndipo madzulo alionse muziyang'ana kuphazi ndi pakati pa zala. Ngati mimba yakula moti kuwerama kunakhala mbiri yakale, foni ija imene inakugonetsani miyendo kuchimbudzi ibweze ngongole, muijambulitse kuphaziko. Chithunzicho mukaonetse anamwino. Musachiponye pagulu la banja, azakhali agula lumo latsopano.