Njinga zinayi, lisiti palibe

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukangotsegulidwa, makomo ena ku Kasungu amasanduka magalaja. Bambo agula Humber yatsopano, yakale asiyira mayi yopitira kuchigayo, ina aipereka kwa mnyamata wa kabaza. Yachinayi yatsamira chigafa: inasiya kuyenda nthawi ya Kamuzu, koma kuitaya ndi mlandu wa kwa amfumu.

Nanga chuma chonsechi chikabedwa? Lamulo la pamsewu limakakamiza inshulansi pa galimoto ndi njinga zamoto, koma ya kapalasa silikuiwerengera. Wofuna atha kukafunsa ku makampani monga NICO General kapena Britam, omwe amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ngati njingazo zingalowe pa inshulansi ya katundu wa m'nyumba. Afunsitsenso ziwiri: kodi adzalipira ikabedwa kunja kwa mpanda, mwachitsanzo pakhomo pa bawa ku Santhe? Nanga ya kabaza, poti ndi ya bizinesi?

Tsiku la tsoka, a inshulansi amafuna umboni woti njingayo inalidi yanu komanso lipoti la apolisi. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa lisiti ija agogo anapichira chingambwe kalekale.

N'chifukwa chake ambiri akudalirabe inshulansi yachikale: tcheni, loko ndi galu. Humber imagona kuchipinda, ana pabalaza.

Alimi inu, mukagula njinga chaka chino, sungani lisiti ndipo nambala ya felemu muilembe m'kope lomwe mumalembamo mabelo.