Mawati 500 apakamwa

Mwamuna amene ali ndi kompyuta ya magemu amakuuzani dzina la graphics card yake musanamufunse n'komwe. "Yanga ndi RTX 3060," amatero, uku akuyang'ana kumbali ngati sakufuna kutamandidwa. Koma sindinamvepo wina akudzitama ndi power supply, kabokosi kachitsulo kaja kamene kamabisala pakona m'kati mwa kompyuta, ka fani imodzi ndi nthambo zolendewera. Ine ndinkayesa kuti ntchito yake ndi kukupizira kompyuta mphepo mu Okutobala.

RTX 3060 ndatchulayo ndi yanga. Pamaso pa amayi a kunyumba ndi ya mwana wathu wachisamba, "yothandizira za sukulu". Anatumiza ndi mlamu wanga wa ku Joni, yogwirapo kale ntchito koma yonyezimira, moti tsiku limene inafika ndinaionetsa anansi onse isanalowe n'komwe m'kompyuta. A NVIDIA anaitulutsa mu 2021. Ntchito ikaikulira imadya mawati 170, ndipo eni akewo amati power supply yake ikhale ya mawati 550. Yathu ija, imene inabwera ndi kompyuta kuchokera pa okushoni ya katundu wa mu ofesi, inali ya mawati 250. Zinali ngati kumangirira ngolo ya ng'ombe pa mbuzi.

Khadiyo tinailoweka pa motherboard bwinobwino, koma pamsana pake panatsala kamwa la timabowo 8 likudikira nthambo imene ife tinalibe. Mwana, amene amadziwa zinthu zimene sindinamulipirire fizi, anafotokoza kuti pamene khadi imalowa paja pamangodutsa mawati 75 basi. Ikafuna oposa pamenepo imakatenga ku power supply kudzera pa nthambo yakeyake: ya mapini 6 imawonjezera 75, ya mapini 8 imawonjezera 150.

"Ndiye tingolumikiza waya, adadi?"

Ndinamuuza kuti zamagetsi si za ana, ndipo ndinapita ndekha kumsika. Kumeneko ndinapeza kabokosi kolembedwa 500W m'zilembo zikuluzikulu zofiira, pamtengo umene sunandikhumudwitse. Kanali kopepuka kwambiri, ine n'kumati ndi luso lamakono. Nthambo ya mapini 8 kanalibe, koma wogulitsayo anandiikira kaadaputala kotengera magetsi pa nthambo ya hard disk. Anati ndi basela. Inu mukudziwa kuti munthu wa kuno ukamutchulira basela, mafunso onse amathera pomwepo.

Kompyuta inayaka. Facebook inatseguka, nyimbo zinalira, ine ndinayenda m'nyumba monyang'wa. Titaika gemu ya mpira, osewera n'kulowa m'bwalo, mafani n'kuyamba kupuma mwaphuma, zonse zinangoti thii! Ndinathamanga panja kukaona ngati magetsi azima dera lonse, poti kwathu kuno woyamba kumuganizira amadziwika. Kwa aneba wailesi inali ikulira. Tinayatsanso. Wosewera wanga atangotsala yekha ndi goloboyi, thii! Mpaka lero ndimakhulupirira kuti chinali chigoli.

Mnyamata wokonza makompyuta ku Limbe sanafunse zambiri. Anakanyamula kabokosiko ndi zala ziwiri, n'kukaponyera m'mwamba pang'ono, n'kuseka kaseko kaulemu kamene kamapweteka kuposa chipongwe.

"Madala, mwawerenga pepala lili pambalipa?"

Ndinati ndinawerenga, palembedwa 500.

Anandionetsa timizere tating'ono pansi pa zilembo zofiirazo. Power supply imatulutsa magetsi a mavolti 3.3, a mavolti 5 ndi a mavolti 12. Graphics card ndi purosesa, amene ndi adyera enieni m'nyumbamo, amadya a mavolti 12. Pansi pa +12V panalembedwa 18A. Anandipatsa foni kuti ndichulukitse ndekha, mwina poopa kuti ndinganene kuti akundibera: 12 kuchulukitsa ndi 18, yankho 216. Khadi ikufuna 170, purosesa yathu 65, pamodzi 235, osawerengera mafani ndi zina. Mawati ena onse a pa 500 paja anawaunjika ku mavolti 5 ndi 3.3, kumene khadi siipitako, ngati analipo n'komwe. Pa Facebook khadi imakhala ikuwodzera, n'chifukwa chake zonse zinkaoneka zabwino. Gemu ikayamba imadzuka ndi njala, ndipo makadi amakono amatha kukoka magetsi ochuluka kwambiri kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Power supply yofooka ikamva kukokedwa kumeneko imadzizimitsa. Yofooka ndi yopanda khalidwe imapsa, n'kutenganso motherboard kuti isapite yokha kumanda.

Ataona basela uja anasiya kuseka. Pulagi ya hard disk, anatero, inapangidwira mawati 54 a mavolti 12, ine ndikuipempha ntchito ya nthambo ya 150. Anandinunkhizitsa. Inamveka kafungo ka jumbo imene yagwera pambaula.

Anatulutsa bokosi la power supply ya mawati 650, yolemera ngati ili ndi zinthu m'kati, popeza inalidi nazo. Pa +12V panalembedwa 54A, kutanthauza kuti pafupifupi mawati onse olonjezedwawo ali kumene akufunika. Panalinso chizindikiro cha 80 Plus Bronze, ndipo pambali pake panali ina yodula ya Gold. Ndinafunsa motsitsa mawu kuti golideyo ndi wochuluka bwanji, poganiza za tsiku la mavuto. Mulibe golide. Chizindikirochi chinayamba mu 2004, ndipo chimangonena kuti pa magetsi 100 alionse ochokera kukhoma, osachepera 80 amafika m'kompyuta, otsalawo amasanduka kutentha. Ya Gold imafikitsa pafupifupi 90 ikamagwira theka la mphamvu zake. Ndinasankha Bronze, mogwirizana ndi mendulo imene thumba langa limapata mwezi ndi mwezi.

Akundimangira katundu anandichenjezanso za ma power supply akale a kaunjika ochokera ku America, amene kumbuyo ali ndi kaswichi kofiira ka 115 ndi 230. Kuno magetsi athu ndi a mavolti 230. Ukaiwala kukasuntha umamva kuphulika kamodzi kokha, ndipo anansi amabwera kudzazonda. Anatinso ndikanapempha mlamu GTX 1650, imene imakhuta ndi mawati 75 a pa motherboard, zonsezi sizikanachitika. Nanga ine ndikadzitame ndi 1650? Ndinamufunsa za makadi akuluakulu. RTX 4090 ya 2022 imadya 450 ndipo imafuna power supply ya 850; RTX 5090 ya 2025 imadya 575, imafuna ya 1,000. Ya 4090 itangotuluka kunamveka kuti mapulagi ake a mapini 16 akusungunuka, a NVIDIA n'kunena kuti eni ake sankawakankha mpaka kumapeto. Ndinatuluka m'sitolomo ndikuthokoza umphawi wanga ponditeteza ku moto.

Mlandu weniweni unali kunyumba. Amayi anaona 650 pabokosi, n'kuyang'ana mita, n'kuyang'ana ine.

"Bambo a ana, mayunitsi a chinthu chimenechi azigula mlamu wanu?"

Apa ndinaimirira ngati mphunzitsi. Ndinafotokoza kuti 650 ndi malire a zimene kabokosiko kangapereke, osati zimene kamadya nthawi zonse. Kompyuta ikafuna 300 kamakoka 300 ndi kakuti pamwamba, ndiye yunitsi imodzi imatha pakadutsa maola atatu akusewera. Ketulo yawo, ndinawonjezera mosafunsidwa, imakoka mawati 2,000.

"Ketulo imatulutsa tiyi," anatero. "Chanucho chimatulutsa chiyani?"

Ndinati maphunziro.

Usiku womwewo tinasewera gemu yonse osazima ngakhale kamodzi, mafani akuzungulira mwaulemu, udzu wa m'bwalo ukuoneka tsamba ndi tsamba. Mwana anandithira zigoli mpaka anayamba kuponyera dala mpira kunja pondimvera chisoni. Chakumapeto ndinayesa kukankha pulagi ya kukhoma ndi chala chaphazi kuti tinene kuti magetsi azima, koma amayi ake anali atakhala pomwepo, akumwa tiyi.