Masamba a ku Joni Akundidyetsa

Johannesburg,
Kumayambiriro kwa Meyi

Alamu,

Kuno ndilipo, kungoti milomo yayamba kung'aluka, kusonyeza kuti mvula yatsanzika. Pa foni paja munandifunsa kuti bwanji masiku ano ndikuyankhula mosangalala, mpaka kuyamba kundiganizira kuti ndapeza mkazi wa Chizulu. Maganizo amenewo athere m'mutu mwanu momwemo, asakafike kwa mayi a ana anga. Chandikondweretsa ine ndi nyengo basi.

Kuyambira Malichi mpaka Meyi kuno kumakhala nyengo imene eni ake amati autumn. Kwathu nthawi yomweyi timaidziwira dowe, maungu ndi nzimbe, koma kuno amaidziwira masamba. Mitengo imasanduka yachikasu, ina yofiira, kenako n'kuyoyoka yonse mbee! Ndipo mitengo ilipo, alamu. Mzinda uno unayamba mu 1886 golide atapezeka pamalo pamene panali udzu wokhawokha, ndiye anthu anachita kudzala mitengo yochokera kunja, ina yoti azidulako mizati ya m'migodi, ina ya mthunzi. Mukadutsa ku Parkview, Saxonwold kapena Houghton, msewu wonse uli kunsi kwa mitengo ya oak ndi plane, imene kwawo n'ku Ulaya. Yakhala kuno zaka zambirimbiri koma mwambo wa kwawo wovula kukayamba kuzizira sinausiye, ngati mmene ine ndakanikira kuiwala nsima ya ufa woyera.

Lamulungu abwana ndi adona amanyamula galu m'galimoto ulendo ku Emmarentia Dam kukajambula masamba. Masamba, alamu! Osati chisoso kapena bonongwe woti mukathyole, ayi, ouma ongodzigwera okha. Adona amabwerako akuti mtima wawo wapuma. Lolemba m'mawa amene amakumana ndi kukongola konseko pabwalo, reki ili m'manja, ndine. Ndikasesa uku, kamphepo kadutsa, uko agwanso. M'dziwe losambiramo muja simulowanso munthu chifukwa madzi azizira, koma masamba ndiye amasambamo tsiku lililonse, ndipo wowavuula ndine ndemwe.

Koma musandimvere chisoni. Masamba amenewa ndiwo munda wanga. Nyumba zoyandikana nazo zonse zikulira ndi vuto lomweli, ndiye Loweruka maganyu amachita kundisaka okha: uyu akufuna ndimuchotsere masamba m'ngalande za padenga, uyo akufuna ndimuunjikire kuseri kuti awole akhale manyowa. Kapinga naye waleka kukula, makina otchetchera akupuma, msana wanga ukupuma nawo. Anthu akamafunsa za malata aja munakhoma pa nyumba ya amayi, muziwauza zoona kuti anagula ndi mtengo wa oak.

Chimene ndimakonda kwenikweni ndi dzuwa la masana. Joni ali pamwamba, mamita oposa 1,700, kuposa ngakhale tauni ya Dedza imene mumainena kuti ndi yozizira ija. M'mawa kumachita kuluma makutu, koma ikamakwana 12 koloko kumwamba kuli yeee, kopanda ndi kamtambo komwe. Ziphaliwali ndi matalala za madzulo a dzinja zapita, udzudzu nawo wachepa. Ndimatenga buledi ndi kapu ya tiyi wa rooibos, n'kukatsamira khoma la galaja limene latenthedwa bwino, miyendo tambalale. Galu wa abwana amabwera kudzagona pambali panga. Pa ola limenelo sindisirira aliyense mu Gauteng muno, ngakhale amene ali m'maofesi a ku Sandton.

Zakudya za nyengo ino nazonso sizinditaya. Manachesi ayamba kudzadza m'misewu, mapeyala atsika mtengo. Pa renki ya matakisi amayi amagulitsa magwinya otentha, amene ndi mandasi ndithu koma onenepa ngati ali pa ntchito ya boma. Chimanga chootcha chiliponso, ngakhale china chimakhala chokhwima moti ukamaliza chitsononkho nsagwada zimafuna tchuthi. Mwezi wathawu m'mbali mwa misewu yotuluka mu mzinda munali maluwa otchedwa cosmos, oyera ndi ofiirira, anthu n'kumaimitsa galimoto kuti ajambulitse. Ndinangoti mumtima, akanamera m'munda mwa alamu anga akanakumana ndi khasu tsiku lomwelo.

Za maholide ndiye musanene. Pa 21 Malichi tchuthi, Isitala tchuthi, pa 27 Epulo tchuthi chokumbukira chisankho cha 1994, pa 1 Meyi tchuthinso. Abwana amathawira ku nyanja ku Durban, ine n'kutsala mfumu ya mpanda wonse, anthu anga ali galu mmodzi ndi mphaka wosamva. Masiku ngati amenewo timakumana a kumudzi ku Zoo Lake, kukhala pa udzu, kukangana za Bullets ndi Wanderers mpaka dzuwa kupendeka, ndiye aliyense n'kuyamba kufunafuna juzi yake.

Tsopano nkhani yeniyeni. Juni akubwera, ndipo kuno chisanu chimagwa chenicheni, udzu kuyera ngati athirapo ufa. Bulangete langa lija latha, moti ndikafunda ndimaona denga. Choncho ndalama ya mwezi uno ibwera yopunguka, ndipo ndasankha inu kuti mukawafotokozere mayi a ana anga, popeza ndinu amene mumatha kuyankhula.

Mnyamata wonyamula katundu uja akamanyamuka, mumupatsire ufa woyera, mtedza watsopano ndi usipa wouma, ndidzamuchingamira ku Park Station. Mbewa musaikemo, pa Beitbridge angazifunse pasipoti. Moni kwa amayi ndi onse pamudzipo.

Ine mlamu wanu,
wa ku Joni