Chingwe Chinalowa Bwinobwino

Mwini danga lino, munthu amene babu likapsa kunyumba amaitana mwana, mwezi watha anadzikweza yekha pa udindo n'kukhala katswiri wa makompyuta. Anali atalumikiza yekha kompyuta ya padesiki, chipangizo ndi chipangizo, ndipo pawa sapulayi yake itayamba kulira ngati chigayo, anakagula ina yamphamvu.

Zonse ziwiri zinali za mtundu wa modular, zomwe zingwe zake zimazulidwa kubokosi. Apa ndi pamene ulesi unadzionetsa ngati nzeru. Zingwe zakale anali atazimanga bwino ndi timalamba kuseri kwa motherboard, ntchito ya Loweruka lathunthu. Azimasulenso? Anangozizula kubokosi lakale n'kuzisomeka kulatsopano. Zinalowa mosavuta, ndipo mkuluyu anadziombera m'manja.

Chimene sankadziwa n'chakuti muyezo wa ATX, umene kampani ya Intel inatulutsa mu 1995, umalamula mbali ya chingwe yopita ku zipangizo basi. Cha motherboard chili ndi mapini 24, kale anali 20, ndipo cha disiki ya SATA chili ndi 15. Koma mbali yolowa m'bokosi ilibe lamulo. Kampani iliyonse imayala mawaya mmene yafunira, ndipo ngakhale kampani imodzi, monga Corsair, ili ndi mitundu ingapo ya zingwe. Bowo limene pabokosi lina limatulutsa mavolti 5, pa linzake lingathe kutulutsa 12.

Anadina batani. Munatuluka kautsi kochepa, kaulemu ndithu, kenako fungo la pulasitiki wopsa.

"Bambo a Chisomo, mukuwotcha chiyani muno?" anafunsa mayi a kunyumba ali pakhomo, mthiko uli m'manja.

"Zatsopano zimanunkha chonchi, mayi."

Disiki imene inapsayo ndi yomwe munali zithunzi zonse za ukwati wawo.

Wokonza makompyuta, mnyamata wa msinkhu wa Chisomo yemweyo, anatembenuza chingwecho kawiri. "Madala, chimenechi chinabwera ndi bokosi ili?" Mkuluyu anayankha kuti chinalowa. Mnyamatayo anati nayenso kiyi wa aneba amalowa paloko. Kenako anapeza mlandu wachiwiri: zipsera za mpeni pa pulagi ya mapini 8. Pali mapulagi awiri ofanana ngati mapasa. Ya purosesa imagawika 4 ndi 4, ya graphics card imagawika 6 ndi 2 ndipo imanyamula mawati 150, koma mawaya a mavolti 12 amakhala mbali zosiyana. Opanga anawasiyanitsa timabowo dala kuti munthu asasokoneze. Katswiri wathuyu anaona ngati ndi kulakwitsa kwa kufakitale, n'kuyamba kupala ndi mpeni wosendera mbatata. Chinamupulumutsa n'chakuti mpeniwo unali wobuntha, anatopa asanamalize.

Pofuna kudzitonthoza, amakumbutsa aliyense kuti mu 2022 anthu olemera amene anagula RTX 4090 ya Nvidia anaonanso pulagi yatsopano ya mapini 16, yonyamula mpaka mawati 600, ikusungunuka. Kampaniyo inati ambiri sanaikankhe mpaka kumapeto. Iwo anapsa chifukwa chosalowetsa, iye chifukwa cholowetsa, ndiye amati mlandu wake ndi wocheperako. Mayi a kunyumba mfundo imeneyi sanaigule.

Pakali pano mkuluyu ali pa WhatsApp kupempha achibale onse amene anabwera ku ukwati kuti afufuze m'maalubamu. Zapezeka zithunzi zitatu. Ziwiri ndi za keke, ndipo chachitatu iye anatsinzina.